Kuchoka mu wodi kupita m'makomo: malangizo kwa namwino wofuna kusamalira odwala kunyumba

Namwino wa mu wodi amakhala ndi anthu kumbuyo kwake ngakhale asakuwaganizira. Wodwala akasintha mwadzidzidzi pali mnzake woti amuitane, pali dokotala kapena kiliniko ofesa woti amuimbire, silinda ya okosijeni ili pafupi, ndipo nthawi ikakwana amapereka lipoti n'kuweruka, ena n'kupitiriza. Kunyumba kwa wodwala zonsezi kulibe. Mumafika nokha ndi chikwama, mumakhala ola limodzi kapena awiri, kenako mumanyamuka, ndipo maola onse otsalawo wodwala amakhala m'manja mwa mkazi wake, mwana wake, kapena mdzukulu amene akadali pa sukulu. Choncho ntchito yanu yaikulu kumeneko ndi iwiri: kuphunzitsa anthu amene atsale ndi wodwalayo, ndi kuzindikira msanga nthawi yoti munene kuti apa pakufunika chipatala. Jakisoni ndi bandeji zimabwera pambuyo pa ziwirizi.

Ntchito imeneyi si yachilendo kwathu kuno. M'zaka za m'ma 1990, Edzi itadzaza mawodi, mipingo ndi magulu a anthu odzipereka ndi amene ankayenda m'makomo kusambitsa ndi kudyetsa odwala. Mankhwala a ARV atayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004, ambiri mwa odwala aja anadzuka. Amene mukawapeze pa mphasa lero ndi ena: ofa ziwalo chifukwa cha sitiroko, a shuga amene ali ndi chilonda cha phazi chosapola, amayi a khansa ya khomo la chiberekero, odwala khansa ya kummero amene sakuthanso kumeza nsima, ndi agogo okalamba amene ana awo ali ku Johannesburg kapena ku Britain. Konzekerani odwala amenewa.

Musanasiye ntchito ya mu wodi

Choyamba, kaoneni ntchitoyi ndi maso anu musanalembe kalata yosiya. Pemphani kuti tsiku limene simuli pa ntchito muperekeze namwino amene amayendera odwala m'madera. Malo otere alipo: Tiyanjane ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene amasamalira akuluakulu a matenda osachiritsika, Umodzi pa chipatala chomwecho kumbali ya ana, Ndi Moyo ku Salima, Lighthouse ku Lilongwe, komanso zipatala zingapo za mishoni za pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo. Mukaperekeza masiku angapo, makamaka nyengo ya mvula, mudzadziwa ngati miyendo ndi mtima wanu zingathe.

Ine sindilimbikitsa namwino amene wangotuluka kumene ku koleji kuti ayambire kuno. Maso ozindikira kuti munthu akupita kolakwika, ngakhale BP ikuoneka bwino, amakula mu wodi, pamene pali akuluakulu okukonzani. Amene wagwirapo mu wodi ya matenda a akuluakulu, ya opaleshoni, kapena kolandirira odwala mwadzidzidzi amakhala ndi poyambira pabwino.

Chachiwiri, konzani mapepala. Layisensi yanu ya ku Nurses and Midwives Council of Malawi ikhale yatsopano, pamodzi ndi mapointi a maphunziro opitirira amene bungweli limafuna. Ngati mukulowa ntchito pa bungwe kapena chipatala chimene chili kale ndi ntchito ya m'makomo, nkhani imaphweka chifukwa mumagwira pansi pa chilolezo chawo. Ngati mukufuna kuima panokha, pitani ku khonsolo ya anamwinoyo mukafunse zimene amafuna kwa namwino wodziimira payekha, ndipo musayambe kulandira ndalama za anthu musanamve yankho lawo. Nkhani ya kusunga ndi kupereka mankhwala ili ndi malamulo akeake pansi pa Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Malire a ntchito yanu sakula chifukwa choti dokotala ali kutali. Chimene simunaloledwe kuchita mu wodi simunaloledwenso m'nyumba ya munthu.

Chachitatu, wonjezerani luso pamene pakuperewera. Maphunziro afupiafupi a chisamaliro cha odwala matenda osachiritsika, amene a Palliative Care Association of Malawi ndi Unduna wa Zaumoyo amalimbikitsa, ndi ofunika kwambiri. Khalaninso masiku angapo ndi a mafizo muone mmene amanyamulira munthu wa sitiroko ndi mmene amawongolera mkono wouma, chifukwa m'mudzi funso limeneli lidzabwera kwa inu.

Dziwikani m'dera

Musangotulukira m'mudzi ndi yunifolomu. Kaonekereni kwa woyang'anira chipatala chaching'ono cha m'deralo, kwa mlangizi wa zaumoyo, ndi kwa amfumu. Mlangizi wa zaumoyo amadziwa nyumba iliyonse, amadziwa kumene kuli TB, amadziwa mlatho umene umakokoloka. Atsogoleri a mipingo ndi mizikiti nawonso adziwe kuti mulipo, pakuti iwo ndi amene amayendera odwala masiku amene inu kulibe. M'tauni, mafumu a m'mabuloko amagwira ntchito yomweyo.

Mukatero, sungani mu foni ndi m'kabuku manambala awa: wa namwino kapena kiliniko ofesa amene angayankhe mukafuna uphungu, wa woona za ambulansi, ndi wa munthu wa galimoto kapena wa kabaza wodalirika wa m'deralo. Muwalembenso pa pepala chifukwa foni imatha moto nthawi yoipa.

Chikwama

Munyamule makina a BP, choyezera kutentha kwa thupi, kachipangizo koyezera okosijeni pa chala, makina a shuga ndi timapepala take, magolovesi okwanira, epuloni ya pulasitiki, masiki, gozi, thonje, bandeji, pulasitala, sizasi, madzi a saline otsukira zilonda, sopo wanu, kathawulo kanu, tochi, Thanzi ORS, ndi bokosi lotayiramo masingano. Mabatire apadera musaiwale. Bokosi la masingano libwerere nanu ku chipatala kuti likawotchedwe. Singano isatsale pakhomo pamene pali ana. Mabandeji akuda awotchedwe kapena atayidwe m'chimbudzi chokumba. Nsapato zikhale zotseka, zoyendera. Mukadzibaya ndi singano, mankhwala a PEP, oteteza kuti musatenge HIV, ayenera kuyambidwa msanga, pasanathe maola 72, ndiye dziwiranitu kumene mungawapeze ngakhale Lamlungu.

Ulendo woyamba

Apa ndi pamene anamwino ambiri abwino amalakwitsa, chifukwa amafika ndi liwiro la mu wodi. Mu wodi wodwala ndiye mlendo wanu. Kuno mlendo ndinu, ndipo kwa eni kulibe mkuwe. Nenani odi, dikirani akulandireni, khalani pamene akupatsani, lonjeranani ndi onse, kuyambira akuluakulu. Mukafika kwa wodwala musamuimirire. Ngati ali pa mphasa, khalani pansi kapena gwadani, mumuuze dzina lanu, mupemphe chilolezo musanavundukule chofunda: "Agogo, ndingaone nawo msanawu?" Mphindi zimenezi sizinatayike. Banja limene lakulandirani bwino lidzakuuzani zoona, ndipo popanda zoona simungathandize.

Pemphani buku la kuchipatala ndi mankhwala onse amene ali m'nyumba, onse ndithu, kuphatikizapo ogula ku golosale ndi achikuda. Yalani pa mphasa muwerenge limodzi ndi banja. Mudzapeza mapiritsi a BP a mitundu iwiri ochokera ku zipatala ziwiri akumwedwa pamodzi, kapena botolo la ARV lodzaza pamene limayenera kukhala litatha. Za mankhwala a kwa asing'anga funsani mofatsa, osanyoza. Mukakalipa, adzapitiriza kumwetsa koma mobisa, ndipo inu mudzakhala mukudabwa chimene chikuononga impso.

Kenako yang'anani nyumbayo ngati mmene mumayang'anira wodwala. Madzi amatunga kuti? Chimbudzi chili patali bwanji, ndipo wodwala angathe kunjuta? M'chipinda mumalowa mpweya? Lero adya chiyani pakhomopo? Funso lomalizali lifunseni mwaulemu koma musalilumphe, chifukwa kulangiza za mazira ndi mkaka pakhomo pamene ufa watha ndi kuwapweteka mtima eni nyumba. Yambirani pa zimene ali nazo: phala lothira nsinjiro, Likuni Phala ngati angapeze, usipa wosinja, masamba, nthochi, mapapaya.

Pomaliza pezani amene amasamaliradi wodwalayo. Kawirikawiri si amene akulankhula kwambiri pa khonde. Funsani kuti, "Usiku akafuna kutaya madzi amamudzutsa ndani?" Amene atchulidweyo ndiye mnzanu wa ntchito.

Kuphunzitsa wosamalira

Pano khalanipo nthawi yaitali kuposa pena paliponse. Musamuuze chabe. Chitani iye akuona, kenako achite inu mukuona, ndipo ulendo wotsatira achitenso. Musamuphunzitse zinthu zambiri tsiku limodzi. Ziwiri kapena zitatu zakwana.

Kwa wodwala wogona, choyambirira ndi kutembenuza. Pa maola 2 aliwonse asinthe mbali. Ambiri alibe wotchi pafupi, ndiye gwirizanitsani ndi zochitika za pakhomo: podzuka, pa nthawi ya phala, dzuwa likakwera, pa nkhomaliro, ndi zina zotero mpaka usiku, kapena ikani alamu pa foni. Aonetseni malo amene zilonda za kugona zimayambira: pa chiuno, kumunsi kwa msana, zidendene, mapewa, makutu. Pa khungu lakuda kufiira sikuoneka msanga, choncho aphunzitseni kufufuza malo amene aderapo kuposa pozungulira, otentha, olimba kapena opweteka. Zitenje zopindidwa zimagwira ntchito ya pilo pakati pa mawondo ndi pansi pa miyendo kuti zidendene zisakhudze pansi. Chofunda chonyowa chichotsedwe nthawi yomweyo. Chilonda cha kugona chikatseguka chimatenga miyezi kuti chipole, ndipo pakhomo losauka nthawi zina sichipola n'komwe, ndiye phunziro ili ndimaliika patsogolo pa ena onse.

Munthu wa sitiroko asadyetsedwe chogona. Akhale tsonga, adye pang'onopang'ono ndi supuni yaing'ono, ndipo akhalebe tsonga kwa theka la ola atatha kudya. Ngati akutsamwa kapena kutsokomola akamamwa madzi, kapena mawu akumveka ngati muli madzi kukhosi, chakudya chikulowa m'mapapo, ndipo chibayo sichichedwa. Phala lolimbirapo limamezeka bwino kuposa madzi. M'kamwa mutsukidwe tsiku lililonse, ngakhale munthu sakudya. Mkono wofa usakokedwe pomunyamula, chifukwa phewa limaguluka.

Ngati ali ndi kapaipi ka mkodzo, thumba likhale pansi pa chiuno nthawi zonse koma lisagwe pa dothi, paipi isapindike, ndipo wosamalira asambe m'manja asanakhuthule ndiponso atakhuthula. Potsuka pamene pagwera magazi kapena chimbudzi, Jik wa 3.5% amasakanizidwa kapu 1 ndi makapu 6 a madzi kuti apereke 0.5%. Madzi amenewa ndi a pansi ndi ziwiya, osati a pa chilonda kapena pa khungu. Nenani zimenezi kawiri.

Kwa wa shuga amene akubaya insulin, banja lonse lidziwe zizindikiro za shuga wotsika: thukuta, kunjenjemera, kusokonezeka, kulankhula ngati woledzera. Makina akaonetsa pansi pa 70 mg/dL ndipo munthu akutha kumeza, apatsidwe madzi a shuga kapena chakumwa chotsekemera, kenako chakudya. Ngati wakomoka asathiridwe kanthu m'kamwa, agonekedwe chammbali n'kuthamangira naye ku chipatala. Pamene palibe firiji, insulin isungidwe pamalo ozizira, monga mu mtsuko wadothi wa mchenga wonyowa, kutali ndi dzuwa ndi moto. Mapazi ayang'anidwe tsiku ndi tsiku, ndipo asayende osavala nsapato.

Muonenso wosamalirayo. Mufunseni ngati anagona, ngati anadya, ngati pali womulandirako. Mtsikana amene wasiya sukulu kuti asamalire agogo ndi nkhani yoti mukambe ndi banja lonse, ngakhalenso ndi amfumu kapena a mpingo. Iye akagwa, wodwala wagwa naye limodzi.

Ululu ndi mofini

Funsani za ululu pa ulendo uliwonse, chifukwa akuluakulu ambiri sadandaula. Gwiritsani ntchito zala za dzanja: kufumbata ndiye kuti palibe ululu, zala zonse 5 ndiye ululu wosapiririka. Ululu wa khansa sudikira kuti uyambe ndiye munthu amwe mankhwala. Mankhwala amamwedwa pa nthawi yake, usana ndi usiku. Mofini wamadzi, amene ndi mankhwala amphamvu ochepetsa ululu, amamwedwa pa maola 4 aliwonse motsatira mlingo umene walembedwa ndi amene ali ndi chilolezo. Onetsani wosamalira mzere weniweni pa sirinji, muikepo chizindikiro ndi pulasitala. Mofini amamanga m'mimba pafupifupi aliyense womumwa, choncho mankhwala ofewetsa chimbudzi ayambire limodzi, osadikira.

Mudzakumana ndi mantha akuti munthu akapatsidwa mofini ndiye kuti amutaya. Khalani pansi muwafotokozere kuti mankhwalawa, akamwedwa pa mlingo wake, amachotsa ululu kuti munthu agone, adye, acheze ndi adzukulu. Botolo lisungidwe pobisika, kutali ndi ana, ndipo pa ulendo uliwonse yerekezani otsala ndi masiku amene adutsa.

Zilonda za khansa zonunkha zimachititsa kuti munthu asalidwe m'nyumba mwake momwe. Mapiritsi a metronidazole, amene ambiri timangoti Flagyl, osinjidwa n'kuwazidwa pa chilonda chotsukidwa, amachepetsa fungo kwambiri. Kambiranani ndi wolemba mankhwala. Fungo likachepa, anthu amayambanso kulowa m'chipindamo.

Kudziwa nthawi yotumiza ku chipatala

Musayese kukhala chipatala chonse. Kupuma movutikira kapena okosijeni yotsika pansi pa 90%, kukomoka kwatsopano, kugwa khunyu, kufa mbali kapena kupotoka pakamwa kumene kwangoyamba, kutaya magazi kosalekeza, kutentha thupi pamodzi ndi kusokonezeka mutu, kusakodza tsiku lonse, kusanza kosalola ngakhale madzi: zonsezi ndi za ku chipatala, lero lomwe. Lembani m'buku la wodwala zimene mwapeza, nthawi yake, ndi zimene mwachita, ndipo imbirani kumene akupita. Zizindikiro zomwezi zilembeni m'Chichewa pa pepala lalikulu, mumate pa khoma, pamodzi ndi nambala yanu. Ndalama ya thiransipoti ikambidwe pa ulendo woyamba, zinthu zisanafike povuta.

Pali odwala ena amene chipatala chanena kale kuti chithandizo chochiza chatha, ndipo iwo eni asankha kukhala kwawo. Kwa amenewa kambiranani msanga, wodwala akadali wotha kulankhula, zimene akufuna zinthu zikafika poipa. Chigamulo chimenecho chisapangidwe pakati pa usiku ndi achibale amene angofika kumene.

Kulemba, chinsinsi ndi ndalama

Lembani musanachoke pakhomo. Palibe wolandira lipoti pakamwa, ndiye chimene simunalembe chatayika. Tsiku, nthawi, zoyeza, kukula kwa chilonda m'masentimita, mankhwala, zimene mwaphunzitsa, ndi tsiku lobweranso. Chithunzi cha chilonda chimathandiza kuona kusintha, koma chijambulidwe wodwala atalola, nkhope isaoneke, ndipo chisatumizidwe m'magulu a WhatsApp.

Chinsinsi m'mudzi n'chovuta kuposa mu wodi. Aneba adzakufunsani pa njira kuti, "Anesi, kodi akudwala chiyani uja?" Konzekeranitu yankho laulemu lopanda kanthu, monga lakuti akulandira chithandizo, kawaoneni. M'nyumba momwemo si onse amene akudziwa kuti wodwala ali pa ARV. Ndipo mwana amene akutumiza ndalama kuchokera kunja alibe ufulu womva zonse chifukwa choti akulipira. Funsani wodwala zimene walola kuti ziululidwe, ndi kwa yani.

Ngati mukugwira panokha, pangano lilembedwe pa pepala: maulendo angati pa sabata, mtengo wake, amene agule magolovesi ndi matewera, amene alipire thiransipoti, ndi mmene ziyendere mukaitanidwa usiku. Nenani poyera kuti ntchito yanu ndi ya unamwino, kuti mawa musapezeke mukuchapa za banja lonse. Kulandira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba kumasiya umboni kwa onse awiri. Musabwereke kapena kubwereketsa ndalama pakhomo pa wodwala. Chinangwa kapena nkhuku ya mphatso kukana n'kovuta, ndipo nthawi zina kukana kumapweteka, koma pakhomo pamene mwaona kuti chakudya chikuperewera, thokozani kwambiri n'kupempha kuti aphikire wodwala.

Za chitetezo chanu, wina adziwe kumene mwapita ndi nthawi yobwerera. Usiku musayende nokha. Pakhomo pamene pali woledzera waukali kapena pamene mukuona kuti simuli bwino, tulukani, mubwere tsiku lina ndi mlangizi wa zaumoyo. Wodwala wotsokomola nthawi yaitali muonereni pa khonde kapena mawindo ali otsegula, mutavala masiki, ndipo makhololo ake akayezedwe. Pezaninso anamwino anzanu oti muzikumana nawo mwezi ndi mwezi kukambirana odwala ovuta, osatchula mayina. Ntchito ya wekha imafooketsa luso ndi mtima womwe ngati palibe wokufunsa mafunso.

Imfa ikayandikira

Uzani banja zimene ziti zichitike zisanachitike: kugona kwambiri, kusiya kudya, kuzizira manja ndi mapazi, kupuma kodukizaduka, phokoso la kukhosi. Akadziwiratu sachita mantha kwambiri ndipo saumiriza phala m'kamwa mwa munthu amene sakuthanso kumeza. Aonetseni kunyowetsa milomo ndi kansalu koyera, kumugoneka chammbali, ndi kupitiriza kumulankhula. Funsani ngati akufuna abusa, ansembe kapena ashehe, ndipo muwapatse malo.

Munthu akamwalira, lembani nthawi, chotsani mapaipi mwaulemu ngati banja lalola, kenako musiyire eni mwambo wawo. Amfumu adziwitsidwe, ndi chipatala chimene chinkamuona. Ngati mungathe, kafikeni pa maliro kapena kapepeseni patapita masiku, ndipo pa ulendo umenewo muonenso thanzi la amene ankasamalira uja. Mofini ndi mankhwala ena otsala muwawerenge pamaso pa wachibale mmodzi, mulembe kuchuluka kwake, nonse musayine, ndipo muwabweze ku famase imene anachokera.